Mzere wa Khumi ndi Chinayi

Pa bajeti imene sukulu ya udokotala
inatumiza kwa eni ndalama kunja,
dzina langa palibe.
Ndine mzere wa khumi ndi chinayi:
mafuta, matayala, woyendetsa mmodzi.
Pamwamba panga pali makina oyezera mkodzo,
pansi panga fanta ndi mabanzi a pamsonkhano.

Zaka zitatu ndakhala ndikudzuka
mzikiti wa ku Chinamwali usanaitane,
kumangirira bokosi lozizira kumbuyo kwa njinga yamoto
ndi malamba a chubu chakale,
kutsetsereka ku Jali, Mpyupyu akadali m'chifunga,
mpaka ku Kachulu, kumene mphepo imanunkha matemba.

Chaka choyamba anandigenda.
Ankati bokosilo ndi la anamapopa.
Che Sumaili anagwira chiwongolero nati: tsegula.
Ndinatsegula.
Timabotolo makumi anayi ta ana a sitandade faifi,
tina tofiira ngati madzi otsukira nyama.
Mkuluyo anayang'ana nthawi yaitali, mwala udakali m'manja.
Kenako anati: mdzukulu wanga amakodzanso chonchi,
ine ndinkayesa ndiko kukula kwa mnyamata.

Ophunzira ankabwera anayi anayi.
Ndimakumbukira Tiferanji, wa chaka chachinayi,
amene anafika ndi nsapato zoyera
ndi dzina la matendawa lalitali ngati msewu wa ku Liwonde.
Amayi pachitsime anangomuyang'ana.
Ndine ndinamunong'oneza: nenani likodzo, basi.
Pofika Meyi anali m'matope a mpunga mpaka m'mawondo,
akusaka nkhono ndi sefa ya tiyi,
ana akumuwerengera mokweza, wina akubera.
Nsapato imodzi inatsala momwemo.
Pobwerera sankakuwanso tikagwa m'maenje,
ankagona tulo pamsana panga, kope lili m'bulauzi.

Akuti zimene analemba zawerengedwa kutsidya kwa nyanja.
Anandionetsa pafoni:
patsamba lomaliza, m'zilembo zonga nyerere,
tikuthokoza a Mpinganjira potiyendetsa.
Ndinakulitsa ndi zala kawiri,
ndinakaonetsa mkazi wanga,
iye nafunsa ngati zimenezo amagulira feteleza.

Kalata yabwera Lolemba.
Thandizo likutha pa sate Juni.
Njinga ibwezedwe ndi makiyi onse awiri,
chipewa, ndi buku la maulendo.
Tithokoze, akutero, chifukwa zolinga zakwaniritsidwa.
Ndawerenga katatu nditakhala pakhonde la labu.
Kodi nkhono anazilembera kalata yawo?
Izo sizidziwa kuti polojekiti imatha.
Mvula ikagwa zidzaswana monga mwa masiku onse,
ndipo mwana wotumidwa kukapirikitsa mbalame kumpunga
sadzadikira chaka cha ndalama kuti alowe m'madzi.

Dzulo Asiyatu anandithamangira kuchokera m'kalasi,
kabotolo kali m'mwamba ngati chikho cha mpira:
adokotala, taonani, mbee!
Ndinawauza kalekale kuti sindine dokotala. Samva.
Ndinalandira, ndinalemba nambala, ndinatseka bokosi.
Za Juni sindinanene.
Aphunzitsi ake asunga tchati cha nkhono ija,
achimata ndi phala pakhoma, pafupi ndi mapu,
ndipo Che Sumaili masiku ano ndi amene amaliza wezulo
tsiku la mankhwala,
kukalipira makolo amene abisa ana.
Zimenezo sindinazione pa mzere uliwonse.

Usiku uno ndadutsa ku ofesi kukasiya makiyi.
Magetsi azima tauni yonse mpaka kuphiri,
koma zenera la Mayi Kaliwo likuwala ndi laputopu.
Akulembanso. Tiyi wazizira, magalasi ali pamphumi.
Andifunsa osatembenuka:
a Mpinganjira, kuchoka ku Kachulu kukafika ku Chisi
ndi makilomita angati?

Ndati: kumeneko njinga siifika, mayi.
Pafunika bwato,
ndi munthu wodziwa kupalasa ndi nsungwi madzi akaphwera.
Iwo aseka, alemba.
Ndaona ndi maso anga,
mzere wa khumi ndi chisanu.